Kodi BP ndi ya kumtundu?

Yankho langa ndi lakuti mbali ina, inde. DNA timatengera kwa makolo, ndipo kusiyana pang'onopang'ono m'malo ambiri a DNA kukaphatikizana, chiopsezo cha kuthamanga kwa magazi chimakwera. Kwa ena, impso zimasunga mchere wambiri, mcherewo n'kusunga madzi, magazi n'kuchuluka m'mitsempha. Chitsanzo ndi Liddle syndrome, yomwe Grant Liddle anaifotokoza mu 1963. Ndi yosowa, koma imakweza BP munthu akadali wachinyamata.

Komatu chomwe ambiri timatengera ndi chiopsezo chabe, osati matendawo. Ngati mayi kapena bambo anu ali ndi BP, kayezetseni ngakhale mukumva bwinobwino. Ikamafika 140/90 mobwerezabwereza, ndiye kuti yakwera. WHO imati mchere usafike magalamu 5 patsiku, kasupuni kamodzi ka tiyi, kuphatikizapo uja timathira pa tchipisi.