Mwana Wolakwa ndi Mwana Wokhala Chete: Mbiri ya Funso m'Masukulu a ku Mbamba Bay

Ku Liuli, kumpoto kwa Mbamba Bay m'dziko la Tanzania, kuli manda a William Percival Johnson, wansembe wa mishoni ya UMCA yemwe adamwalira m'chaka cha 1928 atayendayenda pa nyanjayi zaka zoposa makumi anayi. Johnson ndi anzake ndiwo adafalitsa sukulu za m'midzi m'mbali mwa nyanja, poyamba pa sitima ya Charles Janson, kenaka pa Chauncy Maples imene idayamba kuyenda m'chaka cha 1901 ndipo m'kati mwake ankaphunzitsiramo aphunzitsi. Kuchokera nthawi imeneyo kufika lero, mwana wa m'dera lino wakhala akufunsidwa mafunso m'ziyankhulo zosiyanasiyana, ndipo mbiri ya maphunziro kuno ingalondoledwe poona zimene zinkamuchitikira mwanayo akalakwa kuyankha.

Chiyankhulo cha mishoni chidali Chinyanja cha ku Likoma, chimene Johnson adamasuliramo Baibulo. Kwa Anyasa a m'mbali mwa nyanja chidali cha pafupi ndi kwawo, koma kwa Ampoto, Amanda ndi Amatengo a kumapiri chidali cha alendo. Njira yophunzitsira idali ya katekisimu: funso lidali ndi yankho limodzi lokonzedweratu, ndipo ana ankalinena onse pamodzi. Njirayi idaphunzitsa anthu ambiri kuwerenga, koma idabisa kanthu kena. Pamene ana makumi atatu akuyankhira limodzi, mphunzitsi sangadziwe amene wamva ndi amene akungotsata milomo ya anzake.

Boma la Ajeremani lidalimbikitsa Chiswahili m'ntchito zake, ndipo Angerezi atatenga dzikoli nkhondo yoyamba ya dziko lonse itatha adaika Chingerezi pamwamba pake. M'chaka cha 1967 Julius Nyerere adafalitsa mfundo zake za maphunziro odzidalira, momwe adadzudzula sukulu zongokonzekeretsa ana mayeso, ndipo Chiswahili chidakhala chiyankhulo chophunzitsira m'sukulu za pulayimale za boma. Ku sekondale Chingerezi chidatsalabe. Motero mwana wa ku Mbamba Bay kapena kumtunda ku Mpepo adayenera kuwoloka mitsinje iwiri: kuchoka pa chiyankhulo cha amayi ake kupita ku Chiswahili, kenaka kuchoka ku Chiswahili kupita ku Chingerezi.

Chaka chomwecho cha 1967, ku Edinburgh, katswiri wa ziyankhulo S. Pit Corder adalemba nkhani yoonetsa kufunika kwa zolakwa za wophunzira. Mfundo yake idali yakuti kulakwa sikuchitika mwachisawawa, koma kumatsata malamulo amene wophunzirayo wadzipangira m'mutu, ndipo ndi umboni umene mphunzitsi ali nawo wa pamene mwanayo wafika. M'chaka cha 1972 Larry Selinker adafotokozanso kuti wophunzira amakhala ndi chiyankhulo chake chapakati, chomwe chili ndi dongosolo lakelake.

Nyanja ino ili ndi zitsanzo zokwanira. Liwu lakuti "chuma" m'Chinyanja limanena za katundu ndi ndalama, pamene m'Chiswahili ndi chitsulo. "Kupita" kwathu kuno ndi kunka kwinakwake, koma m'Chiswahili ndi kudutsa. "Mbali" m'Chiswahili ndi kutali. Mwana amene wafunsidwa m'Chiswahili ntchito ya chuma nayankha kuti n'chogulira ufa walakwa ndithu, koma waonetsa kuti funso walimva, waliganizira, ndipo wapunthwa pa liwu limodzi lokha. Mphunzitsi angakonze zimenezo pa mphindi imodzi. Chimodzimodzinso wa ku sekondale amene amasokoneza "he" ndi "she": ziyankhulo zathu sizisiyanitsa mwamuna ndi mkazi pa mlowam'malo, choncho kulakwako kukuloza pamene Chingerezi chasiyana ndi galamala imene iye akuidziwa kale. Koma mwana amene wangoweramitsa mutu sapereka chogwira. Mwina sadamve funso, mwina yankho akulidziwa koma alibe mawu a Chingerezi olinenera, mwinanso akuopa chikoti, pakuti malamulo a 1979 adaloleza kukwapula m'sukulu za ku Tanzania. Zovuta zitatu zimenezi zimafuna mankhwala osiyana, koma zonse zimaoneka chimodzimodzi.

Ofufuza a LOITASA, pakati pawo Birgit Brock-Utne ndi Martha Qorro, omwe adayamba ntchito yawo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, adaona m'makalasi a ku Tanzania kuti phunziro likakhala m'Chingerezi ophunzira amakhala chete kapena kuyankhira limodzi mawu ochepa, koma phunziro lomwelo likaperekedwa m'Chiswahili amafunsa ndi kutsutsana. Zotsatira za mayeso a Fomu 4 a 2012, mmene zidalengezedwera koyamba mu February 2013, zidaonetsa kuti pafupifupi ophunzira 60 mwa 100 alionse adalephereratu. M'zaka zomwezo bungwe la mayeso la NECTA lidadandaula kuti ena ankajambula zithunzi kapena kulemba nyimbo za Bongo Flava pa mapepala a mayankho. Ambiri adati ndi mwano. Komabe mwana amene kwa zaka zinayi sadaloledwe kulakwa poyera sangayambe kuyesa tsiku la mayeso.

Akuluakulu adati safunsa adadya phula. Mbiri ya sukulu za m'boma la Nyasa ikusonyeza kuti mwana amafunsa ndi kuyankha pokhapokha akadziwa kuti kulakwa kwake kumvedwa. Katekisimu adamupatsa yankho loloweza, ndondomeko za boma zidamusinthira chiyankhulo kawiri, ndipo chikoti chidamuphunzitsa kuti kukhala chete n'kopulumutsa. Mphunzitsi wa ku Liuli kapena ku Mbamba Bay alibe mphamvu yosintha chiyankhulo cha mayeso, koma akamva yankho lolakwa ali nayo mphamvu yofunsa mwanayo kuti afotokoze mmene waganizira asanaloze wina.