Kawerengedwe ka nyengo kummwera kwa Nyanja ya Malawi

Kawerengedwe ka nyengo kummwera kwa Nyanja ya Malawi ndi njira zimene anthu a ku Mangochi ndi madera oyandikana nawo akhala akutsata pofuna kudziwa nthawi yodzala, yopha nsomba ndi yopembedza. Masiku ano njira zitatu zimayendera limodzi m'derali: ya makolo, kalendala ya Chisilamu ndi kalendala ya Gregory. Zonsezi zimalimbana ndi vuto limodzi, lakuti mwezi ndi dzuwa siziyendera pamodzi.

Mwezi ndi chaka

M'Chichewa mawu akuti "mwezi" amatanthauza chowala cha usiku komanso nthawi imene chimatenga kuti chioneke, chikhwime, chife ndi kuonekanso. Nthawi imeneyi ndi masiku pafupifupi 29 ndi theka. Miyezi 12 yotere imakwana masiku 354, pamene chaka cha dzuwa, chimene chimabweretsa mvula, chili ndi masiku 365 ndi maola pafupifupi 6. Mlimi wodalira mwezi wokha akhoza kumaphonya mvula ndi masiku 11 chaka chilichonse, ndipo pakatha zaka zitatu angakhale atasemphana nayo ndi mwezi wathunthu.

Njira ya makolo

Makolo ankawerenga miyezi, koma chaka ankachizindikira ndi nyengo: dzinja, masika, chisanu ndi chilimwe. Mphepo ya mwera, yochokera kummwera chakummawa, imawomba m'miyezi yozizira, pamene mpoto umabwera nthawi ya mvula. Mvula yoyamba, yotchedwa chizimalupsa, imachenjeza kuti minda ikonzedwe.

Nyenyezi nazo zinkathandiza. Kagulu ka Nsangwe kamabisika m'kuwala kwa dzuwa mu Meyi, kamaonekanso m'mamawa mu Juni, ndipo cha mu Novembala kamatuluka kummawa dzuwa likangolowa. Mitundu yambiri ya mu Africa inkagwirizanitsa kaguluka ndi ulimi: m'Chiswahili ndi Kilimia, m'Chizulu ndi isiLimela, mayina ochokera ku mawu akuti "kulima". Mayina ena odziwika ndi Akamwiniatsatana, nyenyezi zitatu zondondozana, ndi Mlalang'amba.

Alice Werner, m'buku lake la 1933 la nthano za anthu olankhula zinenero za Chibantu, analemba kuti Anyanja ankati mwezi uli ndi akazi awiri. Chekechani, wa kummawa, amaumana chakudya ndipo umawonda. Puikani, wa kumadzulo, amaudyetsa bwino ndipo umanenepa. Nthanoyi ikufotokoza zimene maso amaona: mwezi watsopano umayamba kuonekera kumadzulo n'kumakula, ndipo umakafera kummawa. Akazi awiriwo kwenikweni ndi pulaneti limodzi, Venus, limene m'mamawa limatchedwa Nthanda.

Asodzi a usipa akadali kutsata mwezi. Amakopa nsomba ndi nyali usiku asanazikole ndi chilimira, ndipo nyali zimagwira bwino ntchito kukakhala mdima. Mwezi ukakhwima usipa umachepa padoko.

Kalendala ya Chisilamu

Chisilamu chinafalikira pakati pa Ayao a m'mbali mwa nyanja kuyambira m'zaka za m'ma 1870, kudzera mwa mafumu monga Makanjira ndi Mponda, amene ankachita malonda ndi amalonda a kugombe la Nyanja ya Indian. Kalendala yake, yotchedwa Hijri, imayambira m'chaka cha 622, pamene Mtumiki Muhammad anasamuka ku Mecca kupita ku Medina. Ili ndi miyezi 12 ndi masiku 354 kapena 355, ndipo siwonjezera mwezi wina pofuna kufanana ndi dzuwa. N'chifukwa chake Ramadan imafulumira ndi masiku pafupifupi 11 chaka chilichonse, n'kuzungulira nyengo zonse m'zaka pafupifupi 33. Mwezi uliwonse umayamba anthu akaona kachigawo ka mwezi watsopano madzulo, choncho tsiku la Eid al-Fitr, lomwe ndi la tchuthi m'Malawi, limatsimikizika mwezi ukaoneka.

Kalendala ya Gregory

Kalendala imeneyi anaikhazikitsa ndi Papa Gregory XIII mu 1582, ndipo imatsata dzuwa lokha. Inakhazikika m'derali kudzera mwa amishoni ndi boma la atsamunda. David Livingstone anafika panyanjayi mu Seputembala 1859, mishoni ya Livingstonia inayamba ku Cape Maclear mu 1875, ndipo Fort Johnston, yomwe lero ndi Mangochi, inakhazikitsidwa mu 1891. Mayina a masiku monga Lolemba, Loweruka ndi Lamulungu akuonetsa kuti sabata imeneyi inabwera pamodzi ndi ntchito yolembedwa ndi tchalitchi.

Maonekedwe a dziko

Monga anthu ambiri akale, makolo ankaona thambo ngati denga lovundikira dziko. Komabe kuzungulira kwa dziko kunadziwika kalekale. Aristotle anaona kuti pa kadamsana wa mwezi chithunzithunzi cha dziko chimakhala chozungulira nthawi zonse. Cha m'ma 240 BC, Eratosthenes anayerekeza mthunzi wa masana ku Alexandria ndi ku Syene, m'dziko la Egypt, n'kupeza kusiyana kwa madigiri pafupifupi 7, ndipo anawerengera kukula kwa dziko lonse.

Umboni wotere umaonekanso ku Mangochi. Sitima ikamachoka ku Monkey Bay kulowera kumpoto, thupi lake limayamba kubisika kuseri kwa madzi, nsonga yake n'kutsalira. Popeza tawuni ya Mangochi ili pa madigiri pafupifupi 14 ndi theka kummwera kwa Equator, dzuwa limafika paliwombo penipeni kawiri pachaka, kumayambiriro kwa Novembala ndiponso cha pa 10 Febuluwale. Masana a masiku amenewo ndodo yoimikidwa chilili ilibe mthunzi ku Mangochi, pamene ku Karonga, kumpoto kwa nyanja yomweyo, imakhala ndi kamthunzi kakafupi.