Kutsindika Maphatikizo m'Mawu Aatali a Chingerezi: Mbiri ya Vutoli Kuchokera ku Mwanza

Msonkhano wa Malawi Congress Party wa 1968 unagamula kuti Chicheŵa chikhale chilankhulo cha fuko, Chingerezi n'kutsala cha boma ndi cha maphunziro apamwamba. Potsatira chigamulochi, mwana wa ku Mwanza ankaphunzira m'Chicheŵa kuyambira Sitandade 1 mpaka 4, ndipo Chingerezi chinkatenga malo kuyambira Sitandade 5. Motero pofika ku sekondale n'kukumana ndi mawu onga examination ndi geography, lilime lake linali litakhwima kale m'Chicheŵa.

M'Chicheŵa, phatikizo lachiŵiri kuchokera kumapeto ndilo limatalika liwu likakhala pothera pa chiganizo, monga m'mawu akuti sukulu ndi chipatala. Wophunzira amasamutsira chizoloŵezi chimenechi m'Chingerezi. Pena chimamuthandiza, pakuti mawu othera ndi -tion kapena -ic, monga education ndi photographic, amatsindikidwa pa phatikizo lomwelo. Koma mawu othera ndi -ity kapena -graphy, monga university ndi photography, amatsindikidwa pa phatikizo lachitatu kuchokera kumapeto, ndipo apa mpomwe wophunzira amapunthwa.

Mbiri ya Mwanza ikutipatsa poyerekezera. Pakati pa 1986 ndi 1994 dziko la Malaŵi linasunga anthu othaŵa nkhondo ya ku Mozambique, amene nthaŵi ina anaposa miliyoni, ndipo ambiri analoŵera m'boma lino. Amene anali atapitako kusukulu kwawo ankaŵerenga Chipwitikizi, chimene kaŵirikaŵiri chimatsindikanso phatikizo lachiŵiri kuchokera kumapeto. Liwu likabweza kutsindika pa phatikizo lachitatu, Chipwitikizi chimaika kachizindikiro, monga m'liwu loti matemática. Chingerezi sichitero: photograph, photographer ndi photographic amafanana papepala, pamene pakamwa aliyense amatsindikidwa pakepake.

Ndondomeko za boma zasintha kangapo. Mu 1996 unduna unalamula kuti ana a makalasi oyamba aziphunzira m'chilankhulo cha kwawo, ndipo chaka chomwecho Centre for Language Studies inaloŵa m'malo mwa Chichewa Board ya 1972. Mu 2014 kunalengezedwa kuti Chingerezi chiziyambira mu Sitandade 1. Mikangano yonseyi inali ya chilankhulo chophunzitsira. Katchulidwe sikanapatsidwe malo. Popeza mayeso a Chingerezi a MSCE ngolemba, mphunzitsi wa makalasi odzaza amathera nthaŵi yake pa chimangirizo ndi malamulo a chilankhulo.

Okonza ndondomeko akadachita bwino kuyambira pa chimene mwana akudziŵa kale. Mabuku a Fomu 1 atamagaŵa mawu aatali m'magulu aŵiri, ogwirizana ndi chizoloŵezi cha Chicheŵa ndi osemphana nacho, n'kuika kachizindikiro pa gulu lachiŵirilo monga achitira a tsidya la malire, mphunzitsi angalimbane ndi mathero oŵerengeka chabe m'malo mwa mawu zikwizikwi.