Nandolo wathu uyu: kuchokera m'mbale ya agogo mpaka pa sitima ya ku India

 Lero ndati tikambe za nandolo. Ana ambiri a masiku ano amaganiza kuti nandolo anakhala mbewu ya ndalama chiyambire. Ayi ndithu. Ine ndakula ndikumuona nandolo akusintha ntchito kangapo, ndipo nthawi zonse omusintha sitinali ife olima.

Tiyambe ndi makolo. Ambiri a ife kuno ku Phalombe ndife Alhomwe, ndipo agogo athu anachokera ku Mozambique kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 ndi kumayambiriro kwa m'ma 1900, kuthawa nkhanza za Apwitikizi ndi njala. Kwa iwowo nandolo, chinangwa ndi kalongonda zinali zakudya zosunga moyo. Nandolo ankabzalidwa m'kati mwa chimanga, phando apa phando apo, wosathira feteleza, wosapopera mankhwala. Chimanga chikakololedwa iye amatsala yekha m'munda, mizu yake ikutsata madzi pansi. Masamba akagwa amakometsa nthaka, mitengo yake ikauma ndi nkhuni, ndipo inu mukudziwa kuti kuno kuchigwa nkhuni ndi nkhani. Wamuwisi timadya, wouma timaphika pamodzi ndi makaka, wina timapera nkuchotsa makoko kukhala chipere. Chilala cha 1992 chija, chimanga chitapserera chisanamasule, mabanja ambiri anapumira pa nandolo ndi chinangwa. Kugulitsa kunalipo, koma kunali kwa mbale imodzi kapena ziwiri kuti mayi agule mchere ndi sopo.

Nthawi ya Kamuzu, wogula mbewu wamkulu anali mmodzi. ADMARC inayamba mu 1971, kulowa m'malo mwa Farmers Marketing Board. Amwenye amene anali ndi sitolo m'midzi, omwe ena ankagulanso mbewu, anauzidwa m'zaka za m'ma 1970 kuti achoke akachite malonda m'mizinda mokha. Choncho mlimi anatsala ndi msika wa ADMARC basi. Boma linkalengeza mitengo pa wailesi ya MBC, ndipo mtengowo unali umodzi dziko lonse, kaya uli ku Chitipa kaya uli kuno. Anthu a msinkhu wanga akamati kale zinali bwino, amanena chimenechi: unkadziwa kokagulitsa, unkadziwa mtengo, ndalama unkalandira pompo. Ine sinditsutsa. Koma tisamakumbukire mbali imodzi. Mitengo ija inali yotsika poyerekeza ndi imene mbewuzo zinkagulitsidwa kunja, makamaka fodya, thonje ndi mtedza, ndipo phindu lotsalalo linkakathandiza kutsegula maesiteti a anthu akuluakulu. Komanso msika uja sunkangolowa chilowelowe. Anyamata a Youth ankaima pakhomo kufunsa khadi la chipani, ndipo mayi wosenza dengu lake ankabwezedwa ngati alibe. Ameneyo ndiye anali mtendere wake wa nthawi ija.

Mu 1987 boma linalola anthu wamba kugula mbewu kwa alimi. Zimenezi sizinachokere kuno, zinabwera ndi ngongole za World Bank ndi IMF, amene ankati ADMARC ikuluza ndalama ndipo isiye ena apikisane nayo. Misika ina yaing'ono ya ADMARC inatsekedwa. Matipate atabwera mu 1994 ndi a Bakili Muluzi, chitseko chinatseguka chonse. Apa mpamene panabadwira munthu amene lero timamutcha venda, ndi sikelo yake yopachika pa mtengo wa mango.

Tsopano ndifotokoze bwino ulendo wa nandolo akachoka pakhomo panu, chifukwa ambiri timangoona fumbi la lole. Venda wa njinga amagula kwa inu pa ndowa kapena pa sikelo. Iye amakapereka kwa wina wa ndalama zambiri pa Migowi, pa boma kapena ku Jali. Ameneyo amadzaza lole kupita ku Limbe ndi ku Blantyre kumene kuli makampani. Kumeneko nandolo wina amamupera ndi makina, wina amamuthira m'makontena ali wathunthu, ulendo wa ku doko la Nacala kapena Beira, kenako pa sitima mpaka ku India. Amwenye amadya nandolo pafupifupi tsiku lililonse, ndipo kaphikidwe kake nkofanana ndi chipere chathu chomwechi, iwo amati dhal. Dziko lawolo lili ndi anthu opitirira 1 biliyoni, ndipo ngakhale ndi amene amalima nandolo wambiri pa dziko lonse, zaka zambiri sawakwana.

Chinsinsi chili pa nyengo. Ife timakolola kuyambira Julayi mpaka Sepitembala. Amwenye amakolola wawo cha mu Disembala ndi Januwale. Ndiye kuti nandolo wathu amafika kumeneko nkhokwe zawo zili pafupi kutha, ndipo ndi mwayi wathu wokhawo umenewo. Wawo akangolowa pa msika, wathu safunikanso kwenikweni. Nchifukwa chake makampani amathamanga miyezi ija kenako nkuzizira. Mlimi amene amati ndisunge mpaka Khirisimasi ngati mmene timachitira ndi chimanga, nthawi zambiri amapeza ogula atapita, anankafumbwe atalowa.

Mbewu nazo zinasintha pang'onopang'ono. Wa makolo uja ankachedwa. Kunabwera Sauma, kenako Kachangu, kenako Mwayiwathualimi, za ku kafukufuku zimenezo. Koma amene anagwira mitima ya anthu kuno ndi Mthawajuni, amene alimi anangopatsana okha, dzina lake likunena lokha kuti amacha msanga.

Tifike pa zaka ziwiri zimene palibe wa kuno angaziiwale. Mu 2014 ndi 2015 mvula inavuta ku India zaka ziwiri zotsatizana. Nandolo wawo anachepa, mtengo wa dhal unakwera mpaka kukhala nkhani ya ndale kumeneko. Makampani a kuno anayamba kulimbirana. Mu 2015 ndi 2016 kilo inafika pa K600, malo ena kupitirira. Abale, mudzi unasintha! Malata anayamba kung'anima, njinga zamoto zinalowa, masola anakwera pa madenga. Ndipo kumbukirani kuti 2016 chinali chaka cha njala, a Peter Mutharika analengeza mu Epulo kuti dziko lili pa ngozi chifukwa cha chilala. Ndalama ya nandolo ndi imene inagulira anthu chimanga chodula chija. Thumba la makilo 50 linkabweretsa K30,000, pamene thumba la feteleza linali m'ma K20,000. Nandolo mmodzi, feteleza mmodzi, chenji nkutsala. Sungani masamu amenewa, tiwafunanso.

Chaka chotsatira aliyense anabzala. Amene ankalima mpendadzuwa anasiya, ena anachepetsa chimanga, ena anabwereka minda, ena anatenga katapila. Aphunzitsi ndi ena a m'tauni nawo anatumiza ndalama kuti awalimire. Alangizi ndi mabungwe ankalimbikitsa, andale ankati golide wa kumwera ndi ameneyu. Chimene palibe anatiuza nchakuti mlimi wa ku India nayenso ali ndi maso. Ataona mtengo, nayenso anabzala kwambiri, boma lake likumulimbikitsa, mvula nkugwa bwino. Anakolola nandolo wochuluka kuposa kale lonse, mtengo unagwa, alimi awo anayamba kulira. Alimi amenewo amavota kumeneko, ife sitivota ku India. Mu Ogasiti 2017, nthawi yeniyeni imene ife tinali kupuntha, boma la India linalamula kuti nandolo wolowa kuchokera kunja asapitirire matani 200,000 pa chaka, ndipo muyeso umenewo unali utadzadza kale.

Zotsatira zake mukuzidziwa. Kilo inatsika kufika pa K100, malo ena kuchepera apo. Mavenda anapachika masikelo kwa masiku ochepa nkusowa. Panali anthu amene anasiya nandolo kuuma nkuthetheka m'munda chifukwa ndalama yolipira aganyu okolola inkaposa imene akanapeza. Ana anabwezedwa ku sekondale chifukwa cha fizi, mbuzi zinapita kwa eni katapila. Ine ndinali ndi matumba asanu ndi awiri m'nyumba chaka chimenecho, tinadya chipere mpaka ana kuyamba kuthawa mbale.

Pali chinthu chimodzi chimene chimandiwawa mpaka lero. Anzathu a ku Mozambique chitseko chija sichinawatsekere. Mu Julayi 2016 nduna yaikulu ya India, a Narendra Modi, anapita ku Maputo, ndipo maiko awiriwo anasayinirana pangano lakuti India azigula nandolo wa ku Mozambique chaka ndi chaka, kuyambira matani 100,000 mpaka kudzafika 200,000. Ife tinalibe pepala lotero. Tinali ndi mtengo wabwino, tinalibe pangano. Ndiye zinkamveka kuti nandolo wa kuno akuwoloka malire usiku, kukavala matumba a ku Mozambique nkukwera sitima ngati wa kumeneko. Ndinkaseka ndekha kuti eti nandolo wabwerera kumene agogo anachokera. Koma phindu la ulendo umenewo silinafike kwa wolima, linathera kwa wa lole.

Mu 2018 boma linapereka ndalama kuti ADMARC igule nandolo. Alimi ambiri anali atagulitsa kale motaya, choncho amene anali ndi matumba odzadza pa nthawiyo anali ogula aja. Pa izi sindichulukitsa.

Pangano lathu linadzabwera mu 2021, nthawi ya a Lazarus Chakwera: India azilola matani 50,000 a nandolo wa ku Malawi chaka chilichonse kwa zaka zisanu. Chaka chomwecho India anatsegulanso chitseko kwa onse chifukwa wawo anali atachepanso, ndipo mtengo unayamba kudzuka. Onani bwino apa. Chimene chinagwetsa mtengo ndi mvula ya ku India ndi siginecha ya ku Delhi, chimene chinaudzutsa ndi zomwezonso. Wandale aliyense wobwera pa bwalo la sukulu nkumati ine ndikupezerani msika wa nandolo, kaya wavala mtundu wanji wa nsalu, mumufunse kuti msikawo uli kuti, wa matani angati, kwa zaka zingati. Ndawamva a zipani zonse, mawu ake ndi amodzimodzi.

Pakati apa ADMARC inatsekedwa mu 2022, antchito ake nkuchotsedwa kuti akonzenso zinthu. Mu Malichi 2023 Freddy anatikokolola kuno ku Phalombe, minda ina mpaka lero ndi mchenga ndi miyala. Kwacha nayo inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Tsopano tibwerere ku masamu aja. Masiku ano venda akatchula mtengo, nambala yake imamveka yaikulu kuposa K600 ija, ndipo ena amavina. Koma thumba la feteleza linadutsa K100,000. Kuti thumba limodzi la nandolo ligule thumba limodzi la feteleza ngati mu 2016, kilo iyenera kupitirira K2,000. Ikachepera apo, ndiye kuti mukugulitsa motsika kuposa nthawi ija, ngakhale mapepala a ndalama achuluke m'thumba la malaya. Ine ndinasiya kuwerenga nandolo pa kwacha, ndimamuwerenga pa feteleza, pa malata ndi pa fizi.

Tsopano inu achimwene ndi achemwali a m'tauni, musakwiye, ndinena. Venda wa lero si mlendo ayi. Ambiri mwa masikelo amene amapachikidwa kuno mu Julayi, ndalama yake imachokera kwa inu pa Airtel Money ndi Mpamba. Mumatuma mphwanu kuti agule msanga anthu asanadziwe mtengo wa ku Limbe, ndipo woyamba kugulitsa amakhala azakhali anu omwe, chifukwa mdzukulu wadwala kapena ufa watha. Ena mumapereka ndalama mu Febuluwale nandolo asanachite nkomwe maluwa, kuti mudzatenge thumba pokolola. Bizinesi si tchimo, nanunso moyo wa m'tauni ukukuvutani, tikudziwa. Koma sikelo ikhale yoona, ndipo ndowa ikhale ndowa, osati yotenthedwa pa moto kuti ifutukuke. Amalume ena anandiuza kuti popanda iwo ife tikanagulitsa kuti. Nzoona, ndipo nchifukwa chake sindinena kuti musiye. Ndikunena kuti mukagula kwa mayi anu aang'ono, muwauze mtengo umene mukagulitsire.

Za magulu ndi makopaletivi ndidzalemba tsiku lina, chifukwa nkhani yake ndi yaitali ndipo ili ndi zabwino ndi zonyansa zomwe. Pano chimene chili pamaso pathu ndi pangano lija la 2021. Linali la zaka zisanu, werengani nokha pa zala. Amene muli pafupi ndi aphungu ndi akuluakulu a zamalonda ku Lilongwe, afunseni ngati pali pepala lina. Kuno anthu akuonjezeranso minda ya nandolo ngati 2017 sinachitike.

Ndipo inu a ku Limbe amene mumadutsa pa mageti a makampani popita ku ntchito, nyengo yogula ikayamba muziima pang'ono, mufunse alonda kapena a malole kuti kilo ikulowa pa zingati tsiku limenelo, mutiimbire. Ine ndizikanena ku tchalitchi ndi pa chigayo.