Tsiku Limene Wilbur Wright Anagwa ndi Ndeke

Kodi munaonapo kandeke kakang'ono pamene kanyamuka? Kathamanga pabwalo, katukula mphuno, basi kali m'mwamba. Cioneka capafupi, koma oyendetsa ndeke adziwa kuti nthawi imeneyi ndi yoopsa kwambiri. Tamvani zimene zinacitikira Wilbur Wright.

Wilbur ndi mng'ono wake Orville anali ana a Bishopu Milton Wright, ndipo anali kugulitsa ndi kukonza njinga ku Dayton, m'dziko la America. Mu 1896 anamva za imfa ya Otto Lilienthal wa ku Germany, amene anali kuuluka ndi mapiko opanda injini. Mapiko ake analeka kugwira mphepo, iye anagwa kucokera pamtunda wa mamita 15 nathyoka khosi. Anamwalira m'mawa mwake. Imfayi inacititsa abalewo kufunitsitsa kudziwa mmene munthu angawongolere ndeke m'mwamba.

Mu December 1903 ndeke yao inali yokonzeka ku Kill Devil Hills, pafupi ndi Kitty Hawk. Pa 13 linali tsiku la Sondo, ndipo iwo sanagwire nchito. Lolemba pa 14 anaponya kandalama kuti aone woyamba kukwera, ndipo mwai unagwera Wilbur. Ndeke itangocoka pansi, iye anatukula mphuno yake mopitirira. Inakwera pang'ono, liwiro linatha, ndipo patapita masekondi atatu ndi theka inagwera mumcenga.

Cinalakwika n'ciani? Phiko linyamula ndeke pokhapo mphepo ikamayenda bwino pamwamba pake. Likapendekeka kwambiri, kupitirira madigiri pafupifupi 15, mphepoyo isokonezeka ndipo mphamvu yonyamula icepa mwadzidzidzi, ngakhale injini ili kulira bwinobwino. Mankhwala ake ndi kutsitsa mphuno kuti phiko ligwirenso mphepo. Apa ndiye povuta, cifukwa munthu akaona nthaka ili pafupi, mantha amuuza kuti akokere m'mwamba. Ndiponso ponyamuka ndeke ikali pafupi ndi pansi, motero mpata wokonza colakwa ndi wocepa. N'cifukwa cace ophunzira kuyendetsa ndeke amayeseza zimenezi ali kutali m'mwamba pamodzi ndi mphunzitsi.

Wilbur sanavulale, ndipo sananamizire mphepo kapena injini. Anavomera kuti colakwa cinali cace. Anakonza zimene zinathyoka, ndipo pa 17 December Orville anauluka masekondi 12, mtunda wa mamita 37. Tsiku lomwelo Wilbur anauluka masekondi 59, nafika mamita 260. Madzulo ace anatumiza uthenga wa lamya kwa atate ao.

Inu acinyamata, mwina mwalephera mayeso, kapena munafuna kukwera msanga ndipo mwagwa. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Vomerani colakwa canu pamaso pa Mulungu ndi pa anzanu, konzani cimene cathyoka, ndipo yesaninso. Wilbur anagwa Lolemba, koma Lacinai anauluka.