Zinyalala za kumtunda, madzi a kwa Mwambo

Kale m'midzi ya kwa Mwambo, m'boma la Zomba, munalibe wofunsa kuti banja limataya zinyalala zochuluka bwanji. Kuseri kwa nyumba kunkakhala dzala, ndipo zopita kumeneko zinali phulusa, zitsononkho, makoko a nandolo, mamba a makumba ndi mapale a mphika wosweka. Nkhuku zinkapalasa, chiswe chinkadya, mvula n'kumalizitsa. Chaka chinacho padzala pomwepo pankayanga maungu onona kuposa akumunda. Matemba ankabwera m'dengu, ndiwo zankhuli m'chikwatu cha masamba, ndipo zonsezi zinkabwerera kunthaka.

Kusintha kunayambira kumtunda. Mu 1891 Zomba anakhala likulu la boma la atsamunda, ndipo anthu anayamba kuunjikana m'tsinde mwa phiri, pomwe mtsinje wa Likangala umadutsa usanatsikire kwa Mwambo. Koleji ya Chancellor inasamukirako mu 1973. Likulu linapita ku Lilongwe mu 1975, koma anthu sanasamuke nalo. Madera a Chikanda, Chinamwali, Sadzi ndi Mpondabwino anapitiriza kudzaza, mpaka mu 2008 Zomba anatchedwa mzinda. Kalembera wa 2018 anapezamo anthu oposa 105,000.

Anthu tinawawerenga. Nanga zomwe amataya? Banki Yaikulu Padziko Lonse inayerekeza mu 2018 kuti m'maiko a kumwera kwa chipululu cha Sahara munthu mmodzi amataya zinyalala zolemera pafupifupi theka la kilogalamu patsiku. Tikatengera muyeso umenewu, mzinda wa Zomba ungatulutse matani pafupifupi 50 tsiku lililonse. Koma uku n'kuyerekeza chabe, ndipo khonsolo singagule galimoto kapena kukumba dzenje podalira chiwerengero chobwereka.

Njira yopezera chiwerengero chenicheni si yovuta. Amasankha mabanja m'madera osiyana, a opeza bwino ndi a ovutika, n'kuwapatsa matumba. M'mawa uliwonse kwa sabata yathunthu amayeza matumbawo pasikelo, kenako n'kukhuthula kuti asankhule: zowola payokha, mapepala payokha, mapulasitiki payokha. Kulemerako amakugawa ndi chiwerengero cha anthu a pabanjapo. Ntchitoyi imafunika kuichita m'dzinja ndi m'chilimwe, pakuti nyengo ya mango ndi chimanga chachiwisi dzala limalemera kwambiri. Kawirikawiri zochuluka zimapezeka kuti ndi zowola, zoti zikanasanduka manyowa.

Chomwe sichiwola ndiye chimene chimandidetsa nkhawa. Majumbo, mabotolo ndi matewera otaya zikaponyedwa m'ngalande, mvula yoyamba imazikokolola kupita mu Likangala. Mtsinje womwewo ndi umene alimi a mpunga pa sikimu ya Likangala amathirira minda yawo, ndipo umakathera m'nyanja ya Chilwa. Tsono nyanjayi ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Chimene chalowa chimakhala momwemo, m'mabango momwe nsomba zimaswerana. Ndi nyanja yosaya, yomwe inaphwa mu 1968 ndi mu 1995, ndipo asodzi ogona m'zimbowera, timisasa ta panyanjapo, amadalira madzi omwewo, n'chifukwa chake kolera sachedwa kufala pakati pawo.

Mu 2015 boma linaletsa mapulasitiki opyapyala osakwana ma micron 60, ndipo mu 2019 Khoti Lalikulu la Apilo linagwirizana ndi chiletsocho. Komabe milandu ya opanga mapulasitiki inachedwetsa lamuloli kwa zaka, majumbo n'kumapitirira kuyenda m'misika. Lero pa Jali ndi pa doko la Kachulu palinso milu yawoyawo, moti sitinganene kuti vuto lonse limachokera kutauni.

Pempho langa likupita kwa akuluakulu a khonsolo ya mzinda ndi ya boma la Zomba: mukamatenga sikelo kukayeza zinyalala ku Chikanda, tsikiraninso nayo ku Jali ndi ku Kachulu, ndipo zomwe mupeze mukaziwerenge pamaso pa mafumu ndi asodzi a kwa Mwambo.