Mabuku Osunga Mbiri ya Likulu la Dziko

Mwana wa sukulu wa ku Muloza, kumalire a Malaŵi ndi Mozambique, amaphunzira kuti likulu la dziko ndi Lilongwe. Koma kukafikako ndi ulendo wa tsiku lathunthu pa basi, ndipo ambiri amakalambira m'minda ya tiyi osauponda mzindawo. Kwa munthu wotere, njira yapafupi yopitira ku likulu ndi buku.

Likulu loyamba linali Zomba, kumene Harry Johnston anakhazikitsa boma la atsamunda m'chaka cha 1891. Tsono mu 1919 moto unatentha maofesi a boma kumeneko, ndipo makalata ochuluka a zaka zoyambazo anasanduka phulusa. Chifukwa cha ichi, olemba mbiri akhala akutolera zotsala m'makalata a amishoni ndi m'kamwa mwa akuluakulu.

Wofuna kudziŵa za Lilongwe ayambe ndi Mbiri ya Acheŵa, buku limene Samuel Josia Ntara, mphunzitsi wa ku Nkhoma, analemba m'zaka za m'ma 1940. Bukuli silinena za mzinda ai, koma za mafumu ndi mafuko a eni nthaka, ndipo limakumbutsa woŵerenga kuti dera limeneli linali ndi anthu ake Mzungu asanafike.

Lachiŵiri ndi Lilongwe: A Historical Study, la P. A. Cole-King, lotuluka mu 1971. Limafotokoza za boma laling'ono limene linamangidwa m'mbali mwa mtsinje wa Lilongwe kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900, boma limene linakula ndi malonda a fodya.

Za kumangidwa kwa likulu latsopano zili m'buku la Geraldine Richards, From Vision to Reality, la mu 1974. Ntchitoyo inayendetsedwa ndi bungwe la Capital City Development Corporation kuyambira 1968, ndi ngongole yochokera ku South Africa, ndipo likulu linasamuka mu 1975. Bukuli linalembedwa m'nthaŵi ya Dr Banda, nyumba zikumangidwa, choncho mawu ake ndi otamanda. Woŵerenga wanzeru aliyerekeze ndi ena.

Wa ku Muloza adzadzipeza yekha m'buku la John McCracken, A History of Malaŵi 1859–1966, la mu 2012. Mmenemo muli Alomwe amene anaoloka malire kudzagwira thangata m'minda ya Azungu, pamene chuma ndi ulamuliro zinaunjikana kumwera. Ichi ndicho chimodzi mwa zifukwa zimene zinaperekedwa posamutsira likulu pakati pa dziko.

Komabe pali mbiri imene mabukuŵa sanaisunge mokwanira: ya mabanja amene anasamutsidwa m'midzi yao kuti pamangidwe Capital Hill ndi madera ena a mzindawo. Amene anaona ndi maso tsopano ndi okalamba. Akapita osafunsidwa, mbiri yao idzatha monga anathera makalata a ku Zomba aja.